Chimene chimalimbitsa beseni sichioneka ndi maso

Ife ophunzira mbiri ndi zilankhulo timakonda kusiyira anzathu a sayansi nkhani za mufakitale. Koma beseni ndi mpando wa pulasitiki zili pakhomo pa aliyense, ndipo zikasweka msanga ndalama yotayika ndi ya makolo athu. N'chifukwa chake nkhani ya mankhwala otchedwa antioxidant ndimaiona kuti ndi yathunso.

Pulasitiki wa polypropylene, amene Giulio Natta wa ku Italy anamupanga mu 1954, amasungunulidwa pa kutentha kwa madigiri 200 kapena kuposa kuti aumbidwe. Pa kutentha kotere mpweya wa okosijeni umalowerera n'kuyamba kudula timaunyolo tosaoneka timene timagwira pulasitikiyo pamodzi. Kachidutswa kamodzi kowonongeka, kamene asayansi amati free radical, kamawononganso kanzake, ngati nsomba imodzi yowola m'dengu. Mapeto ake chiwiya chimasintha mtundu, chimauma gwa, kenako chimang'aluka.

Opanga amathiramo mankhwala a mitundu iwiri. A gulu la phenol, monga Irganox 1010, amapereka haidrojeni kwa free radical kuti isiye kuwononga. A gulu la phosphite, monga Irgafos 168, amaphwanya ma hydroperoxide asanabale ma free radical ena. Kawirikawiri onsewa pamodzi safika ngakhale gawo limodzi mwa magawo 100 a pulasitikiyo.

Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti mankhwalawa amatha akamagwira ntchito. Pulasitiki wakale akatoleredwa n'kusungunulidwanso, amabwerera pa moto chitetezo chake chitachepa kale. Wopanga wosamala amaonjezera ena. Wofuna phindu lachangu akhoza kungodumpha, ndipo mayi wogula pamsika sangadziwe, chifukwa mabeseni onse amawala mofanana akakhala atsopano.

Ndimagwirizana ndi kukonzanso zinyalala za pulasitiki. Koma beseni losweka patangotha miyezi yochepa limangobwerera kudzala, ndipo wosauka amagula kawiri. Njira yoyezera ilipo kale: amatenthetsa kachidutswa mu okosijeni n'kuwerenga mphindi zimene kapirira kasanayambe kuwonongeka. Ogula sitingachite zimenezi kunyumba. Mabungwe oona za miyezo, monga Malawi Bureau of Standards, ndiwo ayenera kutiyezera, ndipo ife tili ndi ufulu wofunsa zotsatira zake.