Mapiritsi a Daku

Anzanga a m'gulu lino, sabata ino ndikuuzeni nkhani imene ndakhala ndikuibisa. Musekeko pang'ono, palibe vuto, nanenso masiku ano ndimadziseka. Koma mukamaliza kuseka mukasuzumire m'chikwama cha mchemwali wanu ngati mulibe kabotolo konga kamene ine ndinagula.

Geni yanga ndi nsomba. Ndimapikula matemba, makumba ndi milamba padoko la Kachulu kuno kunyanja ya Chilwa. Zina ndimayanika pathandala, zina ndimawamba, kenaka ndimakagulitsa pa Jali ndi mumsika wa Zomba. Amene munafikako mukudziwa kuti kuno mthunzi ndi wosowa. Dzuwa limakuwomba kuchokera kumwamba, limakuwombanso kuchokera m'madzi, utsi wa nkhuni n'kudzamalizitsa. Nyanja itauma mu 2018 tinalira njala. Madzi atabwerera, tinabwereranso padzuwa pomwepo tikuthokoza.

Zigamba zinayamba mu 2022 ndili ndi pakati pa mwana wachitatu. Zinatuluka m'masaya monse muwiri ndi pamphumi, zakuda kuposa nkhope yonse, ngati wina wandipaka mwaye. Amayi anati zitha ndikachira. Mwana anabadwa, anakwawa, anayenda, zigamba zili phee. Tsiku lina kasitomala wina pa Jali anandifunsa pagulu, "Mayi, mukuwamba nsomba kapena nkhope?" Anthu anafa nacho chiseko. Nanenso ndinaseka, nanga ndikanatani poti ndimafuna ndalama yake. Koma madzulo ake ndinakhala nthawi yaitali ndi kagalasi m'manja.

Abambo akunyumba sananenepo kanthu za nkhope yanga, ngakhale kamodzi. Komatu mukudziwa mmene mtima umachitira. Kukhala chete kwawoko ine ndinkakumva ngati mawu.

Ndiye pa gulu lina la WhatsApp la azimayi a geni panabwera asisi ena a m'tauni ndi zithunzi ziwiri, nkhope yakale ndi nkhope yatsopano. Ankagulitsa mapiritsi, akuti muli glutathione, vitamini C ndi zinki. Botolo limodzi K18,000. Ndinawalembera kumbali. Anandiyankha mwachangu: "Chemwali, chinsinsi chake ndi nthawi. Muzimwa m'mimba mulibe kanthu, mukadya mphamvu yake imathera mu nsima." Nditawauza kuti Ramadan ya 2024 yayandikira, anati ndiye ndachita mwayi, thupi la munthu wosala kudya limalandira mankhwala msanga.

Ndinakatenga K36,000 ku banki m'khonde, ndikunama kuti ndikuwonjezera mpamba. Kumbukirani kuti apa n'kuti kwacha atangoigwetsa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa chilichonse utakwera. Ndalama imeneyo inali ya matemba ambiri ndithu.

Tamvani tsono ndondomeko imene ndinadzipangira. Masana sindingamwe piritsi, chifukwa chilichonse chomeza chimamasula swaumu. Zinanditsalira nthawi ziwiri, daku ndi futari. Pa daku ndinkawaphikira onse, ine n'kumeza mapiritsi awiri ndi madzi basi, kuti m'mimba mukhale mopanda kanthu monga anandiuzira. Dzuwa likalowa ndinkamasula ndi madzi ndi mapiritsi ena awiri, n'kudikira ola lathunthu ndisanakhudze mbale. Ana akamadya futali ine ndinkanamizira kutsuka mapoto. Kunena zoona ndinkadya kamodzi pa maola 24, uku ndikusenza madengu ndi kukhala pamoto tsiku lonse.

Masiku oyamba m'mimba munkaotcha, nseru osanena. Asisi aja anati ndi chizindikiro choti mankhwala ayamba kugwira ntchito. Tsiku lachisanu ndi chinayi, cha m'ma 11 koloko, ndikuwerengera munthu milu ya makumba, ndinangoona mdima. Ndinadzidzimuka ndili pansi, chitenje chili chonyowa, anzanga akundikupiza ndi katoni. Nsomba zina zinapondedwa, ndalama ina ya m'kathumba sindinaipezenso.

Kuchipatala anandiyeza n'kupeza kuti magazi ndi ochepa. Adokotala atafunsa ngati pali mankhwala amene ndikumwa, ndinayamba ndakana, kenaka manyazi anatha, ndinatulutsa kabotolo. Anakatembenuza uku ndi uku. Panalibe dzina la kampani yopanga, panalibe tsiku lothera mphamvu. "Mayi, inu mukudziwa chimene chili m'katimu? Chifukwa ine sindikudziwa," anatero. Anandiuza kuti bungwe loyang'anira mankhwala m'dziko muno ndi PMRA, ndipo mankhwala ogula m'manja mwa munthu pa foni palibe amene angakuyankhire zikavuta. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Zimene anandifotokozera ndikugawireni, mwina wina zimuthandiza. Zigamba zangazi dzina lake ndi melasma. Zimabwera kawirikawiri ndi kusintha kwa thupi pa nthawi ya pakati, kwa ena ndi mapiritsi olera, ndipo chimene chimazidetsa kwambiri ndi dzuwa. Si matenda opatsirana, si uve, si kulodzedwa. Za glutathione anati umboni woti amachotsa zigamba ndi wochepa kwambiri. Vitamini C ukamwa wambiri, wotsala thupi limangomutaya mumkodzo, ndiye kuti ndalama yanga ina inkathera kuchimbudzi. Zinki ndi vitamini C pamimba yopanda kanthu ndi zimene zimadzetsa nseru ndi kuotcha kuja. Mavitamini A, D ndi E amalowa bwino m'thupi ukadya chakudya chokhala ndi mafuta, monga nsinjiro zomwe zili mu futali amene ine ndinkamuthawa. Mwachidule, ndinkachita zonse chadodolido.

Anandipatsa mapiritsi a ayironi owonjezera magazi. Amenewa ndiye ali ndi nthawi yake yeniyeni: osamwera tiyi, chifukwa tiyi amatchinga ayironi kulowa m'thupi. Anati ndizimwa usiku patapita maola angapo nditamwa tiyi wa futari, ndipo ndikapeza gwafa kapena lalanje ndizidyera limodzi. Anandichenjezanso za mafuta oyeretsa khungu amene asisi aja anali atayamba kale kundinyengerera. Ambiri mwa mafuta amenewa amakhala ndi mankhwala amphamvu otchedwa steroid, hydroquinone kapena mercury. Poyamba nkhope imawala, pakapita nthawi khungu limapyapyala, ndipo zigamba zimatha kubwerera zoda kuposa kale.

Kunyumba apongozi anandikhazika pamkeka. Sanakalipe. Anangoti, "Mwananga, chipembedzo chimatilimbikitsa kudya daku, inu mukusinthanitsa ndi piritsi? Munkasalira Mulungu kapena galasi?" Funso limenelo linandilasa kuposa kugwa kuja. Anandikumbutsanso kuti wodwala amaloledwa kumasula n'kudzabweza masiku akachira. Ndinamasula masiku anayi, ndinadzabweza m'nyengo yozizira.

Abambo akunyumba atamva za K36,000 ndiye anayankhula. Anati iwo zigambazo ankaziona, koma ankati ndi za mwana, ngati mizere ya pamimba, ndipo sankadziwa kuti zikundidya mumtima. Chimene chinawapweteka ndi bodza la mpamba. Tinakhala masiku angapo tikuyankhulana mwa apo ndi apo. Ngongole ija ndinaibweza ndi chiwongoladzanja chake, pang'onopang'ono, ndi matemba omwewo.

Mwina mukudikira kuti ndinene kuti lero nkhope yanga ili see. Ayi. Zigamba zilipo. M'miyezi ya Juni ndi Julayi zimazilala, Okutobala akafika zimadanso. Ndinagula chipewa chachikulu cha mlaza, anzanga padoko amanditcha bwana wa esiteti. Ndinamanga kachisakasa pamalo powambira. Mafuta oteteza kudzuwa ndi okwera mtengo, ndimagula geni ikayenda, ikavuta chipewa chimagwira ntchito chokha.

Asisi aja akadali pagulupo, zithunzi zake zomwe zija, mtengo wokha ndi umene unakwera. Ramadan ikamayandikira amalembanso kuti nthawi yabwino yafika. Ndinalembapo kamodzi zimene zinandichitikira, ena anandithokoza kumbali, ena anati ndi nsanje ya geni. Kabotolo kaja ndikadali nako, munatsala mapiritsi 24. Mwana wanga wamkazi woyamba ali Fomu 1, ndipo wayamba kuchedwa pagalasi. Ndikusungira iyeyo, tsiku limene adzandifunse za nkhope yake ndidzamuonetse ndi kumuuza mtengo wake wonse.