MPHUNZITSI AKAPITA KUCHIKUTA, KALASI ITSALA NDI YANI?

Makolo athu kuno ku Ntcheu, Angoni a kwa Gomani pamodzi ndi anansi ao, sankalemba malamulo pa pepala, koma lamulo la chikuta ankalisunga mosaphonya. Mai akachira, ankabindikira m'nyumba mpaka mchombo wa mwana utagwa. Khasu sankaligwira, mtsuko sankausenza, ndipo pamtondo pake pankaima wina. Chimene timachita nacho chidwi tikamakumbukira mwambo umenewu nchakuti ntchito za maiyo sizinkaima. Madzi ankafikabe pakhomo, ana okulirapo ankadyabe nsima pa nthaŵi yake, chifukwa amai ake, achemwali ake ndi oyandikana nao nyumba ankagaŵana zochita zonse. Panalibe wouza wochira kuti, "Pumulani," kenaka nkusiya moto wake uli wozima.

Masiku ano ana athu aakazi ambiri, kuonjeza pa khasu, adagwira choko. Kuyambira ku Tsangano kozizira kuja, kumene kachewere amachita bwino, mpaka ku Kasinje m'chigwa cha Bwanje kumene dzuŵa limaotcha, m'sukulu zambiri muli aphunzitsi aakazi. Ndife tomwe tidaŵapempha. Tinkati atsikana athu akusiyira sukulu panjira chifukwa saona mai wophunzira woti nkumutsanzira. Tsono walira mvula walira matope: mphunzitsi wamkazi ndi mai, ndipo tsiku lina adzaima, nadzafunika kupita kuchikuta monga ankachitira agogo ake.

Boma lidaziika zimenezi m'lamulo. Lamulo la za ntchito la chaka cha 2000 likuti mai aliyense wolembedwa ntchito ayenera kupatsidwa tchuthi cha uchembere cha masabata osachepera 8, akulandira malipiro ake onse, kamodzi pa zaka 3 zilizonse. Pa nthaŵiyo zaka zake za pa ntchito zimaŵerengedwabe, ndipo pobwerera ayenera kupeza malo ake. Kuchotsa mai ntchito chifukwa chakuti ali ndi pakati ndi mlandu, ndipo bwana ndiye ayenera kutsimikizira bwalo kuti adamchotsera chifukwa china. Aphunzitsi olembedwa ndi boma ali ndi mwai woposerapo, pakuti malamulo a ogwira ntchito m'boma amaŵapatsa masiku 90. Mu 2021 aphungu a ku Nyumba ya Malamulo adaonjezapo ziŵiri: kuti mai woyamwitsa azipatsidwa theka la ola kaŵiri pa tsiku lokayamwitsa mpaka mwana atakwana miyezi 6, ndi kuti bambo naye azilandira tchuthi cha masabata 2 mwana akabadwa.

Tisanaombe m'manja, tiyang'ane kaye kwa anzathu. Bungwe loona za ntchito pa dziko lonse, la ILO, lidagwirizana mu 2000 kuti tchuthi chimenechi chisamachepere masabata 14. Ku Zambia lamulo la 2019 likupereka masabata 14 omwewo. Anansi athu a ku Mozambique, amene pa Lizulu timangodumpha mseu nkukhala tili kwao, adakweza tchuthi kuchoka pa masiku 60 kufika pa masiku 90 m'lamulo lao la 2023. Masabata athu 8 ndi ochepa ndithu.

Komabe nkhaŵa yathu yaikulu ili pena. Masiku 90 ndi pafupifupi teremu yathunthu. Kalata yololeza tchuthi imabwera, mai amanyamula chikwama chake kukadikira, koma munthu wodzaima m'malo mwake kaŵirikaŵiri sabwera. Apa mphunzitsi wamkulu amagwira njakata. Ngati Sitandade 1 ili ndi magulu aŵiri, amaŵaphatikiza m'chipinda chimodzi, ana nkuthinana mpaka pakhomo, ena kukhala pa miyendo ya anzao. Ngati gulu nlimodzi, amapempha mphunzitsi wa kalasi ina kuti azithamangira zitseko ziŵiri. Iyeyo amalemba masamu pa bolodi, kusiya kamnyamata katagwira kabango kuti kazilemba maina a olongolola, iye nkupita kwa ana ake. Pofika nthaŵi yoŵeruka, makalasi onse aŵiri aphunzira theka.

Vutoli lidayamba kalekale. Chiyambire 1994, pamene boma lidathetsa fizi ya ku pulaimale ndipo chiŵerengero cha ana chidalumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, makalasi athu sadapumepo. Unduna wa zamaphunziro umafuna kuti mphunzitsi mmodzi aziphunzitsa ana 60, koma ife amene timasuzumira pa zenera la Sitandade 1 tikudziŵa kuti kupeza ana oposa 100 si zachilendo. Ndipo makalasi a ana ang'onoang'ono ameneŵa ndiwo amakonda kupatsidwa kwa aphunzitsi aakazi, poti akuti amai ndiwo oleza mtima. Mwana wa Sitandade 7 akasoŵa mphunzitsi, amatha kutsegula buku yekha. Wa Sitandade 1 sadziŵa ngakhale kumene buku limayambira. Teremu imene amayenera kugwira a, e, i, o, u ikamdutsa, amakwera kalasi ali ndi dzenje m'mutu, ndipo dzenjelo limamtsata mpaka pa mayeso a Sitandade 8.

Tsono mkwiyo wathu umagwera yani? Sitikwera minibasi kukadandaula ku Boma. Timang'ung'udza pachitsime ndi pamsika. Tamvapo m'misonkhano ya makolo munthu wamkulu bwinobwino akufunsa kuti, "Kodi aphunzitsi aakazi amatitumiziranji? Chaka chino uyu, chaka chamaŵa uyo!" Mau otere ali ndi miyendo, amakafika kwa mwini wake ali pamphasa ndi khanda. Ena mwa amaiŵa amagwira ntchito mpaka tsiku loti matenda ayamba, akuimirira pa bolodi miyendo itatupa, pofuna kusunga masiku onse kuti adzakhale ndi mwana. Ena amabwerera tchuthi chisanathe, manyazi ataŵagwira. Timadabwa nafe tokha, abale: Lamulungu timaimba ndi kululutira mwana akamabatizidwa, Lolemba nkumaŵerengera mai wake masiku ngati wakuba.

Pali munthu wina m'nkhaniyi amene sitimtchula. Pitani pa sukulu iliyonse ya kumudzi kumene kuli mphunzitsi wa mwana wakhanda, muyang'ane pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa kalasi. Mudzapeza kamtsikana ka zaka 11 kapena 12 katabereka mwana, kakuyendayenda kuti asalire. Ameneyo ndiye mlezi. Kaŵirikaŵiri amakhala mwana wa achemwali a mphunzitsiyo, wotengedwa kumudzi ndi lonjezo lakuti adzaphunzira kumeneko. Amamva anzake akuyankha mafunso kudzera pa zenera, iye ali panja. Maiyo sitingamuweruze msanga. Kuchipatala, pa sikelo, adamlangiza kuti ayamwitse mwakathithi miyezi 6, osapatsa mwana phala ngakhale madzi, pamene tchuthi chake chidatha mwana asanakwane miyezi 3. Malipiro ake sangakwanitse kulemba wantchito wamkulu. Koma zoona zake nzakuti mtengo wa tchuthi chachifupi waulipira mtsikana, ndipo waulipira ndi sukulu yake, pabwalo la sukulu pomwe.

Theka la ola lija nalo limathandiza yekhayo amene ali ndi nyumba pafupi. Sukulu zathu zambiri zili ndi nyumba za aphunzitsi zoŵerengeka, ndipo yoyamba imakhala ya mphunzitsi wamkulu. Mai amene amachita lendi pa Kampepuza kapena pa Manjawira, napalasa njinga kupita ku sukulu ya kutali ndi mseu, sangapite kukayamwitsa ndi kubwerera pa mphindi 30. Komiti ya sukulu ikamagaŵa nyumba, ikadamayamba yaganizira woyamwitsa, ngakhale atakhala kuti adafika dzulo.

Nanga za zaka 3 zija? Tikumvetsa cholinga chake. Makolo athunso ankadana ndi kutumbiza, ndipo banja lochita changu ankaliitanira anankungwi. Kupatsa ana mpata nkwabwino kwa mai ndi kwa mwana yemwe. Koma mwana akabwera zaka 3 zisanakwane, lamulo silikakamiza wolemba ntchito kulipira maiyo pa tchuthi chake. Kodi thupi lake lidzachira msanga chifukwa kalendala yakana? Kodi khanda lachiŵirilo njala yake njocheperapo? Lamulo likalanga potero, chilango chimagwera pa nthaŵi imene banja likufuna ndalama koposa, ndipo chimagwera munthu amene sadasankhe tsiku lake lobadwa.

Tanena zambiri za aphunzitsi a boma, koma iwo ali pabwino poyerekeza ndi anzao. Ngakhale iwowo amadziŵa kuti cholembedwa chimachedwa kufika m'thumba: mu June 2017 bungwe lao la TUM lidatsogolera sitalaka ya dziko lonse chifukwa cha ndalama za tchuthi cha pachaka zimene zidachedwa. Tsono taganizirani mphunzitsi wa pa sukulu yoima payokha ya pamsika, amene alibe ngakhale kalata yomulembera ntchito. Taganizirani wothandizira wolembedwa kwa miyezi yoŵerengeka, kapena mtsikana amene amalipidwa ndi komiti kuchokera m'zopereka za makolo, kapenanso wophunzitsa ku sukulu ya mkaka. Ambiri mwa iwo sadziŵa kuti lamulo la masabata 8 limakhudza mai aliyense wolembedwa ntchito. Odziŵa amaopa kufunsa. Amabisa mimba ndi chitenje mpaka itakana kubisika, ndipo akauzidwa kuti, "Kapumuleni, tidzakuitanani," amadziŵa okha kuti pa mpando pao pakhala wina.

Apa nkhaniyi yaloŵa m'nyumba mwathu. Ansembe a chipani cha Montfort atafika ku Nzama mu 1901, kwa Njobvuyalema, sadachedwe kutsegula sukulu, ndipo mpaka lero sukulu zambiri m'boma lino zili pa dzina la Mpingo. Ku Bembeke, m'dayosizi yathu ya Dedza, koleji ya St Joseph imasula aphunzitsi aakazi. Papa Yohane Paulo Wachiŵiri, m'kalata yake ya 1981 yonena za ntchito ya munthu, Laborem Exercens, adaphunzitsa kuti ntchito iyenera kukonzedwa mwakuti mai asalipire kutukuka kwake potaya udindo wake wa m'banja. Ngati parishi ili ndi sukulu yakeyake kapena mkombaphala, ndipo malipiro amachokera m'thumba lathu, ndiye kuti mabwana ndife. Ndani mwa ife adafunsapo pa msonkhano wa bungwe la parishi kuti mphunzitsi wathu akaima timachita naye bwanji? Ndalama za malata ndi za penti timazipeza. Za masabata 8 zimasoŵa chifukwa sitidaziikepo m'ndondomeko ya chaka.

Chodabwitsa nchakuti anthu odzaima m'malo alipo. M'midzi mwathu muli anyamata ndi atsikana amene adamaliza maphunziro a uphunzitsi m'makoleji, ali ndi satifiketi m'sutikesi, ndipo akhala zaka akudikira kuti boma liŵalembe. Pakali pano akugulitsa tomato ndi kabichi pa Lizulu. Muli aphunzitsi opuma amene mphamvu zikadalipo, ena ndi atsogoleri a miphakati yathu. Ndiponso uchembere sudzidzimutsa ngati malungo. Mphunzitsi wamkulu amadziŵa miyezi ingapo tsikulo lisanafike. Khonsolo ya boma lathu ikadasunga kathumba kolipirira mphunzitsi wogwirizira teremu imodzi, ndipo alangizi a sukulu m'mazoni akadasunga maina a anthu oti nkuitanidwa, kalata ya tchuthi bwenzi ikubwera pamodzi ndi dzina la wodzaima pa bolodi. Makhansala ndi aphungu athu timakhala nao m'Misa ndi m'maliro. Funso limeneli nlofunika kuŵafunsa pamaso.

Za tchuthi cha abambo sitinenapo zambiri, poti amene tidaŵaona atachitenga ngoŵerengeka. Mphunzitsi wamwamuna akangochitchula mu ofesi, anzake amamseka kuti, "Kodi achimwene, mukukayamwitsa ndinu?" Iye amaseka nao, nabweza pepala m'thumba. Chonsecho mkazi wake adachoka kwao kutsata ntchito ya mwamunayo, amai ake ndi achemwali ake ali kutali, ndipo pa nyumba ya sukulu ija palibe wina womtungira madzi.