Zimene ndikuphunzira pazenera la mankhwala ku Feira

Lolemba

Ntchito yoyamba imene andipatsa ndi yoyeza kutentha m'chipinda chosungira mankhwala, m'mawa ndi masana, n'kumalemba papepala limene lili pakhoma. Kuno ku Luangwa, kumene achikulire amakutchulabe kuti Feira, tili m'chigwa pomwe mtsinje wa Luangwa umathira mu Zambezi, ndipo mu Okutobala kutentha kumatha kupyola madigiri 40. Chonsecho pa katoni ya Coartem, mankhwala a malungo, analembapo kuti asasungidwe pamalo otentha kuposa madigiri 30. Kusukulu nambala imeneyi tinkailoweza pokonzekera mayeso. Kuno ndi imene imatiuza kuti makatoni asakhale pansi, atalikirane ndi khoma ndi malata, ndipo dzuwa lisawaombe.

Mayi amene akundiphunzitsa ntchito ananditsegulira firiji. Katemera, insulin ndi oxytocin amafuna madigiri a pakati pa 2 ndi 8. Anandiuza kuti, "Mwana wanga, oxytocin akawonongeka ndi kutentha sasintha maonekedwe. Udzadziwira pa mayi amene wabereka, magazi akakana kuleka." Mawu amenewa andikhala mumtima.

Lachiwiri

Lero linali la makhadi a katundu. Chilichonse cholowa ndi chotuluka chimalembedwa nthawi yomweyo, ndipo zimene zili pakhadi ziyenera kufanana ndi zimene zili pashelefu. Oyamba kutuluka ndi mankhwala amene tsiku lake lothera ntchito layandikira, ngakhale atakhala kuti afika dzulo. Katundu wa zipatala za boma amachokera ku ZAMMSA, imene kale inali Medical Stores Limited, ndipo kuti afike kuno amadzera mu Great East Road mpaka kufupi ndi mlatho wa Luangwa, n'kukhotera kummwera motsata mtsinje. Pa mtunda woterewu, wolakwitsa chiwerengero poitanitsa amalanga odwala. Mvula ikangoyamba malungo amachuluka, choncho Coartem, zoyezera malungo ndi jekeseni wa artesunate timaziganizira panopo kukadali ng'amba.

Lachitatu

Ndinaima pazenera, aphunzitsi anga ali pambali panga. Zambia inasankha artemether-lumefantrine, amene aliyense amangoti Coartem, mu 2002 chloroquine atasiya kugwira ntchito. Mlingo wake umatsata sikelo: makilogalamu 5 mpaka 14 piritsi limodzi, 15 mpaka 24 awiri, 25 mpaka 34 atatu, 35 kupita m'tsogolo anayi. Amamwa kasanu ndi kamodzi m'masiku atatu, ndipo kachiwiri kamabwera pakapita maola 8.

Zimenezi ndimazidziwa pamtima. Chovuta ndi kuzinena kuti mayi wotopa, wobereka mwana wotentha thupi, akazikumbukire kunyumba. Ndamvera mmene aphunzitsi anga amachitira. Mwana amamwa koyamba pazenera pomwepo, iwo akuona. Ngati ndi cha m'ma 10 koloko, amati, "Amayi, ena mumupatse dzuwa likamalowa. Mawa m'mawa ndi madzulo, mkuja chimodzimodzi, mpaka pepala lonse lithe, ngakhale ayambe kusewera." Lumefantrine amalowa bwino m'thupi akatsagana ndi mafuta, ndiye satchula zakudya za m'buku. Amati phala la nsinjiro, nsomba yokazinga, kapena bere kwa wakhanda. Pomaliza amapempha kuti, "Tandiuzeni mmene mukamupatsire." Pamenepo ndi pamene zimaoneka ngati zamveka, chifukwa munthu waulemu amavomera ndi mutu ngakhale sanamve. Anthu ambiri kuno amalankhula Chinsenga ndi Chikunda, ndipo ena amaoloka kuchokera ku Zumbo ku Mozambique kapena ku Kanyemba ku Zimbabwe. Ndiyenera kuchepetsa liwiro polankhula.

Lachinayi

Ndinathandiza kumbali ya ma ARV. Ambiri ali pa TLD, piritsi limodzi patsiku lokhala ndi tenofovir, lamivudine ndi dolutegravir. Amene akupeza bwino amatha kutenga a miyezi ingapo nthawi imodzi, zimene zimathandiza asodzi okhalitsa kumadzi. Timawauza kuti mapiritsi akhale m'botolo mwake momwemo, chotsekera chili chothina, asawakhuthulire m'pepala kapena kuwasiya padzuwa m'bwato.

Phunziro lalikulu la lero ndi la mankhwala olimbana okhaokha. Rifampicin wa chifuwa chachikulu amachititsa chiwindi kuchotsa dolutegravir msanga, choncho womwa zonse ziwiri amawonjezeredwa mamiligalamu 50 a dolutegravir pakapita maola 12. Mapiritsi a ayironi owonjezera magazi, a calcium ndi ena oletsa chilungulira amagwira dolutegravir m'matumbo kuti asalowe bwino, ndiye amafunika kuwatalikitsa nthawi. Wodwala sangayambe yekha kunena zimenezi. Funso lakuti, "Abambo, pali china chimene mukumwa, kaya chogula, kaya chachikuda?" liyenera kuchoka kwa ine, ndipo ndilifunse mopanda kuweruza. Safunsa anadya phula, koma pantchito ino wodya phulayo amakhala wodwala.

Lachisanu

Likodzo ndi lofala pakati pa ana osamba ndi kuwedza m'mitsinje. Praziquantel amaperekedwa mamiligalamu 40 pa kilogalamu iliyonse, kamodzi, munthu atadya. Piritsi limodzi ndi la mamiligalamu 600, ndiye mwana wa makilogalamu 30 amamwa awiri. Masamu oterewa ndi ophweka papepala, koma mzere ukatalika mtima umathamanga. Lamulo limene andipatsa ndi lakuti ndiwerengere polemba, wina aonenso, kenako ndipereke. Dzina la mankhwala likapanda kuwerengeka bwino, kapena mlingo ukaoneka wosagwirizana ndi sikelo, ndipite ndikafunse amene walemba. Zimenezi zimandichititsabe mantha poti ndine wamng'ono pantchito, koma lero ndapita, ndipo anandilandira bwino.

Chimene chikundilemerabe ndi kukaniza munthu makapisozi. Agogo ena a chimfine anadandaula kuti ayenda mtunda wonsewo kudzangolandira Panadol. Ndinawafotokozera kuti amoxicillin sapha tizilombo ta chimfine, ndipo kumumwa mwachisawawa kumachititsa kuti adzakane kugwira ntchito mdzukulu wawo akadzadwala chibayo. Anachoka asanakhutire kwenikweni. Ndikufuna kupeza mawu abwino oposa amenewa, oti agogo azimva kuti tawalemekeza.

Loweruka

Ndikayang'ana zimene ndalemba sabata ino, ndikuona kuti mayina a mankhwala ndi milingo yake ndi mbali yaing'ono ya ntchitoyi. Piritsi limachiritsa ngati linasungidwa pozizira bwino, linaitanitsidwa nthawi yake, linawerengeredwa molingana ndi sikelo, ndipo wolitenga anamvetsa kamwedwe kake m'chilankhulo chake. Chimodzi chikasowa, zinazo zapita pachabe. Anzanga amene muli ku Evelyn Hone ndi m'masukulu ena, akakutumizani kuchigwa kuno musadandaule. Bwerani, ndipo pazenera musamulole wodwala kuchoka asanakubwerezereni yekha mmene akamwere mankhwala ake.