Kabowo ka kamera ndi nkhope ya azakhali

Kamera yathu ndi yakale, tinaigula kwa mnzathu wina wochokera ku Joni, ndipo kwa miyezi ingapo tinkangodina batani n'kuisiya idziganizire yokha. Chimene chinatikakamiza kuiphunzira ndi pempho la bambo athu ku Mangochi. Mlongo wawo, azakhali athu, anakwatiwa ku Thyolo ndipo akhala akuthyola tiyi kwa zaka 25. Miyendo ya bambo sikuwalolanso kukwera minibasi, choncho madrasa itatsekera anatiuza kuti, “Mukanditengere nkhope yake.”

Tinafika m'nyengo ya chiperoni. Munthu wakunyanja akaona minda ya tiyi koyamba amasokonezeka: mizere yobiriwira yometedwa mofanana, kukwera ndi kutsika zitunda mpaka kuphiri la Thyolo. Ina mwa minda imeneyi ndi yakalekale. Wa Satemwa unayamba mu 1923. Kukongola kumeneku n'kumene kunatinyenga poyamba. Tinajambula munda wonse, ndipo azakhali anatuluka ngati kadontho pakati pa masamba.

M'kati mwa lenzi muli kabowo kamene ojambula amati aperture. Kamakula ndi kuchepa monga mwanadiso amachitira mumdima ndi padzuwa. Manambala ake amazunguza mutu woyamba kumene, chifukwa amayenda chobwerera: f/2 ndi bowo lalikulu, f/16 ndi laling'ono. Chinsinsi chake ndi masamu ogawa. Lenzi ya mamilimita 50 ikakhala pa f/2, bowolo ndi mamilimita 25. Pa f/16 latsala pafupifupi 3. Kuchoka pa f/4 kupita pa f/5.6, kenako f/8, sitepe iliyonse imadula kuwala ndi theka. Kukoleji tinamvapo za Ibn al-Haytham, amene m'buku lake la Kitab al-Manazir, zaka pafupifupi 1,000 zapitazo, anafotokoza mmene kuwala kumalowera pakabowo m'chipinda cha mdima. Tinaloweza dzinalo kaamba ka mayeso, osadziwa kuti tidzalifuna m'munda wa tiyi.

Koma bowolo sililamulira kuwala kokha. Likakula, malo ooneka bwino pachithunzi amafupika, zakutsogolo ndi zakumbuyo zimasanduka mbuu. Likachepa, zapafupi ndi zakutali zimaoneka pamodzi. Ndipo ukasendera pafupi ndi munthu, malowo amafupikiratu.

Apa ndipo tinalakwa kachiwiri. Poona nkhungu, tinatsekula mpaka f/1.8, n'kuima mita imodzi kuchokera pamene azakhali ankathyola. Pamtunda wotero, malo ooneka bwino sakwana n'chikhato chomwe. Pakagalasi ka kamera zonse zinkaoneka ngati zili bwino. Usiku, titakulitsa zithunzizo, tinapeza masamba awiri ndi kansonga kake zili ngwee m'zala zawo, koma nkhope ili chimbuuzi. Zithunzi 30, chopita nacho kwa bambo panalibe.

M'mawa tinapempha mwamanyazi kuti tibwereze. Wothyola tiyi amalipidwa potengera kulemera kwa masamba, ndiye mphindi iliyonse yoimirira inali kuchoka m'dengu mwawo.

“Bambo, dzulo lonse lija munkajambula chiyani?” anatifunsa akuseka.

“Masamba, azakhali.”

“Masamba ali ndi eni ake. Fulumirani, akapitawo akubwera.”

Tinabwerera m'mbuyo mapazi atatu, tinaika f/5.6, ndipo tinalunjika padiso lawo. Nkhope inatuluka yonse, manja ndi dengu lakumsana zinaonekanso, munda unatsalira kumbuyo wofewa koma wodziwika kuti ndi tiyi. Ife tikuona kuti ambiri oyamba kumene amakonda f/1.8 mopitirira, chifukwa mbuu wakumbuyo amaoneka ngati luso.

Chithunzicho tinachitsukitsa ku Limbe pobwerera. Bambo anachigwira nthawi yaitali pakhonde, akuchiyandikitsa kumaso. Anati mlongo wawo wayamba kufanana ndi malemu mayi awo. Kenako analoza dengu lija n'kutifunsa kuti likadzaza limalemera bwanji, ndipo ife tinali tisanafunse.