Maso achikasu a amalume

M'mwezi wa Ramadhan amalume anga anayamba kuonda, ndipo tonse tinati ndi swaumu. Atadandaula za ululu wa m'mimba wolasa kumsana, tinanamizira khasu, pakuti ankalima okha munda wawo m'tsinde mwa phiri la Michesi. Maso awo atasanduka achikasu, mkodzo utada ndiponso thupi likuyabwa usiku wonse, tinawagulira nzimbe ndi kuwaphikira zitsamba. Miyezi itatu inapita chotero.

Titapita kuchipatala kuno ku Phalombe, anatitumiza ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Atawaunika, dokotala anati ndi khansa ya kapamba, chiwalo chobisika kuseri kwa chifu, chimene chimathandiza kugaya chakudya ndi kuchepetsa shuga m'magazi. Chotupa chinali chitatseka njira ya ndulu, n'chifukwa chake maso anachita chikasu.

Ndinafunsa za opaleshoni. Anandifotokozera kuti ilipo, yotchedwa Whipple, imene madokotala amachotsa mutu wa kapamba, ndulu ndi gawo la matumbo, kenako n'kulumikizanso njira za chakudya. Koma mwa odwala 5 alionse, pafupifupi mmodzi yekha amapezeka matenda asanafalikire. Ngakhale m'mayiko olemera, amene amakwanitsa zaka 5 ndi pafupifupi mmodzi mwa anthu 10. Kwa amalume, khansa inali itafika kale kuchiwindi.

Ndinkafuna kuwabisira. Iwo anandigwira dzanja nati, "Mphwanga, ndiuze zoona. Ndili ndi ngongole za anthu, sindifuna kukaima nazo pamaso pa Allah."

Ndinawauza. Tinabwerera kumudzi ndi botolo la morphine wamadzi. Ululu utachepa, anabweza ngongole, anayanjana ndi mlongo wawo amene anakangana naye za munda, ndipo ankapemphera swala atagona chammbali. Anakhala miyezi inayi, ndipo anatisiya Shahada ili pakamwa.

Nthawi ya imfa ili m'manja mwa Allah, ndipo mwina opaleshoni sikanatheka ngakhale tikanafulumira. Komabe miyezi itatu ija imandiwawa mumtima, pakuti chipembedzo chathu chimatilamula kufunafuna mankhwala kwinaku tikuyedzamira kwa Iye. Abale anga, mukaona munthu wamkulu akuonda popanda chifukwa, maso ake atachita chikasu, siyani nzimbe, mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Allah awakhululukire amalume anga ndipo awalowetse ku Jannah. Ameen.