Tsiku limene batire linagwa panjira ya ku Manyamula

Aliyense wokulira ku Mzimba amadziwa mmene mwezi wa Disembala umakhalira. Magalimoto a matransipota amafika kuchokera ku Joni atasenza katundu mpaka kupendekeka: mafiriji, matilesi, masipika, masola, zonse zitamangidwa pamwamba pa trela. Mu Disembala 2023, pakati pa katundu wotereyu panali njinga yanga, itakulungidwa m'mabulangete awiri akale. Anatumiza ndi achimwene anga, amene akhala akugwira ntchito m'maluwa kunyumba ina ku Johannesburg kwa zaka zisanu ndi ziwiri.

Inali njinga yakapalasa ya matayala akuluakulu, ngati zimene alendo amakwera m'nkhalango ya Luwawa, koma iyi inali ndi kamota ndi batire. Ukamapalasa kamotako kamakuthandiza, moti chitunda umachikwera ngati kuli munthu akukukankha kumbuyo. Batire lake limakhala pachitsulo chotsika kuchokera kuchiwongolero kupita kumapedulo. Ndi lalitali ngati mkono, lolemera pafupifupi makilogalamu atatu, ndipo limachoka ukatsegula ndi kiyi.

Achimwene sanaitumize kuti ndizitchenera pa Boma ayi. Amayi athu amakhala kumudzi, kupitirira pang'ono pa Manyamula, ndipo ali ndi BP. Ine ndimagwira ntchito m'shopu ina yogulitsa zipangizo zaulimi pa Boma, ndiye Loweruka lililonse ndi ine wopita nawo mankhwala, shuga ndi sopo. Ndalama za kabaza zinkandithera, ndipo masabata ena sindinkapita n'komwe.

Usiku wa tsiku limene njinga inafika, ananditumizira uthenga wa mawu pa WhatsApp. "Iwe, njingayo ndi chitsulo chabe, ikathyoka awotcherera. Koma batirelo ndiye ng'ombe yako. Ng'ombe sigona kunja kwa khola."

Ine ndinamva kuti akunena za akuba. Kuyambira tsikulo batire silinkatsala panjinga ndikatsika. Kumsika ndinkalibereka m'chikwama, kutchalitchi linkakhala pansi pa benchi pakati pa miyendo yanga, kushopu ndinkalitsekera m'kabati. Anzanga anafika pomandiseka kuti, "Aise, mwana uja wadzuka bwanji?" Ine sindinkadandaula. Ndinkadziona ngati munthu wosamala kwambiri m'tauni yonse.

Msewu wa ku Manyamula ndi wafumbi. M'chilimwe umachita timizeremizere ngati malata, ndipo ukamathamangapo thupi lonse limanjenjemera mpaka mano. Cha mu Ogasiti ndinayamba kumva kaphokoso pansi pa mawondo anga, gwedegwede, gwedegwede. Kenako, ndikagunda bampu, kasikirini ka pachiwongolero kankazima n'kuyakanso. Ndinkati ndi fumbi. Ndinkati ndidzaona Lamlungu. Lamlungu likafika ndimakhala ndatopa, ndipo njinga imayendabe, ndiye vuto lili pati? Ndinkavala timahedifoni n'kukweza nyimbo, phokoso lija osamvekanso.

Linali Loweruka lina mu Okutobala 2024, nthawi imene mafuta agalimoto ankasowa m'dziko muno. Pamalo omwetsera mafuta panali mizere ya njinga zamoto ndi zigubu, anthu atagona pomwepo. Ine ndinkadutsa pambali pawo mwakachetechete, ndipo kunena zoona ndinkanyadira. Tsikulo magetsi anali atabwera mochedwa, batire linadzaza cha kumasana, ndipo ndinanyamuka mothamanga. Ndinalilowetsa m'malo mwake, n'kutembenuza kiyi, n'kukwera. Kuti ligwire bwino limayenera kulira kuti "tha!" Sindikukumbuka kuti ndinamva.

Panjirapo pali malo otsetsereka aatali ndithu asanafike padambo lina. Potsetsereka supalasa, ndiye kamota sikagwira ntchito, sungadziwe ngati kali ndi moto kapena ayi. Nditawoloka dambo n'kuyamba chitunda, njinga inalemera ngati ndamangirira thumba la chimanga. Ndinayang'ana kasikirini, kali bii. Ndinayang'ana pansi, pachitsulo paja pali mbee, pangotsala timano tolumikizira moto.

Sindidziwa ngati munayamba mwamvapo m'mimba mukuzizira dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Ndinabwerera wapansi, ndikukankha chinjinga cha makilogalamu oposa 20, maso ali m'mbali mwa msewu. Ndinakwera mtunda wonse uja n'kutsikanso, kenako n'kukweranso, ndikupenda m'maudzu ndi m'ngalande. Ndinafunsa amayi ena ochokera kuchigayo, ndinafunsa wa ngolo, ndinafunsa anyamata a kabaza. Palibe anaona kanthu. Ndinafika kumudzi kukuda, ndili fumbi lokhalokha.

Amayi anangondiyang'ana kamodzi. "Mwana wane, kwagwanji?"

Nditawafotokozera, ndinayamba kulalata kuti anthu a m'njira muno ndi akuba. Anandidula. "Wakubera ndani? Chinthu wagwetsa wekha. Ukapita ndi mawu amenewo, ngakhale wotola adzachiponya m'chimbudzi. Mawa m'mamawa upite kwa amfumu, ukapemphe bwinobwino."

Usiku umenewo foni inalira kawiri. Anali achimwene, monga amachitira Loweruka lililonse kuti alankhule ndi amayi. Ndinaiyang'ana mpaka inasiya. Amayi atafunsa ndinati netiweki ikuvuta.

Sindinagone. Ndinkawerengera m'mutu. Batire lotere silipezeka m'mashopu a pa Boma, ndipo sungangogula lililonse, chifukwa kampani iliyonse imapanga lake, la maonekedwe ake ndi timano take. Pandege silingakwere m'chikwama cha munthu, pakuti malamulo a ndege salola batire la lithium loposa 160 Wh, pomwe langa ndi la 500 Wh. Ndiye kuti latsopano liyenera kudzera pamsewu, pa Beitbridge, pa Nyamapanda, kudutsa Tete mpaka kulowa m'Malawi. Nanga ndalama? Kuchokera pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chogulidwa ndi marandi chinangotalikira. Popanda batire, njinga ija inali kapalasa wamba, koma wolemera kuposa onse.

M'mawa ndinapita kwa amfumu a mudzi wa pafupi ndi dambo lija, ndinagwada n'kufotokoza. Iwo anatuma uthenga kuti ulengezedwe m'matchalitchi awiri a m'deralo. Cha m'ma 3 koloko masana kunabwera kamnyamata kuti agogo ake akundiitana.

Analitola ndi kamnyamata komweko, kakuchokera kodyetsa ng'ombe. Agogowo anandilowetsa m'nyumba yaudzu n'kundionetsa. Batire lili pamwamba pa matumba a chimanga, m'chipinda chogona ana. Pambali pake pali mawaya awiri osendedwa kale. Mkulu wake wa kamnyamatako ankafuna kulilumikiza kumababu ndi wailesi zimene amayatsira batire la sola, koma anasowa pomangirira mawaya, ndiye ankadikira mnzake wodziwa zamagetsi kuti abwere madzulo.

Apa mpamene ndinachita mantha enieni. Mababu ndi mawailesi a sola a m'midzi mwathu ambiri ndi a mavoti 12. Batire la njinga yanga ndi la mavoti 36, ndipo likadzaza limafika 42. Akanangopsereza zinthu zawo, ndipo mawaya aja akanakhudzana pakanathetheka moto. Komanso pakona imodzi chikuto chake chinali chitang'ambika pomwe linamenyetseka pamwala. Batire la lithium likavulala m'kati limatha kukhala phee kwa maola angapo, kenako n'kuyamba kutentha lokha mpaka kuyaka, ndipo moto wake ndi wovuta kuzimitsa. Linagona usiku wonse pansi pa denga laudzu, pafupi ndi mitu ya ana anayi, chifukwa cha ine amene ndinkamva gwedegwede kwa miyezi iwiri n'kumakweza nyimbo.

"Yewo chomene, adada," ndinatero nditagwada. Ndinatulutsa ndalama imene ndinali nayo, iwo anakana. "Mukamugulire mwanayu makope," anatero. Ndinawafotokozera za mawaya aja, ndipo anamuyang'ana mdzukulu wawo wamkulu osanena kanthu.

Madzulo ndinakwera pachulu pomwe netiweki imagwira n'kuwaimbira achimwene. Ndinanena zonse, kuyambira phokoso la mu Ogasiti mpaka foni imene ndinakana kuyankha. Anakhala chete nthawi yaitali. Kenako anandiuza zimene anali asanandiuzepo: njinga ija anaigula kwa abwana awo, ndipo ankawadula pamalipiro kwa miyezi isanu. Miyezi yonseyo ankayenda wapansi theka la ulendo wa kuntchito kuti ndalama ya minibasi ichepe.

"Koma zimenezo zisiye," anatero. "Dzulo usanayankhe foni ndinaganiza kuti amama agwa. Sindinagone. Batire ndi chinthu, ndikhoza kugwiriranso ntchito. Usadzandibisirenso kanthu."

Anandilangiza kuti ndisalitchaje, ndisalilowetse m'nyumba. Tinakaliika pansi, pamthunzi, m'nyumba yawo ya njerwa imene akumanga kumudziko, yomwe ilibe denga mpaka lero. Linakhala mmenemo masiku atatu, ine ndikumakaligwira ngati latentha, kuliyang'ana ngati latupa, kulinunkhiza ngati likutulutsa fungo lachilendo. Kenako ndinapita nalo ku Mzuzu kwa munthu wodziwa mabatire otere. Atalitsegula anapeza kuti chavulala ndi chikuto chokha, timabatire ta m'kati tili bwino. Anamata pong'ambikapo kuti madzi ndi fumbi zisalowe, n'kundiuza mosapsatira kuti ndachita mwayi, ndipo kuti akanapeza kamodzi kophwanyika akanandiuza kuti ndilisiye.

Nditaunika njinga ndinapeza chimene chinkalira. Batire limakhala pa kachitsulo kathyathyathya komangidwa kunjinga ndi timabawuti. Kamodzi kanali katagwa kalekale, tinato titamasuka. Kachitsulo kakamasewera, batire limasewera nako, timano ta moto timasiyana n'kugwirananso, n'chifukwa chake kasikirini kankazima pamabampu. Ndipo batire likapanda kufika pansi penipeni, kiyi amatha kutembenuka koma kamtanda ka loko osalowa m'dzenje lake. Umayenda ukuganiza kuti wakhoma.

Masiku ano ndili ndi mwambo wanga, ndipo ngati m'bale wanu wakutumizirani njinga yotere, tengani chimene chingakuthandizeni. Ndikalilowetsa ndimadikira kumva "tha!", ndimakhoma, ndimazula kiyi, kenako ndimalikoka ndi manja awiri ngati ndikufuna kuliba. Likasuntha ngakhale pang'ono, sindikwera. Pamwamba pa loko ndimalimanganso ndi mphira ziwiri za chubu chakale, zomwezi zimene timamangira katundu pakaliyala, ina kumtunda ina kumunsi. Pansi pake ndinayalapo kachidutswa ka mphira kuti lisamagundane ndi chitsulo. Lachisanu lililonse madzulo ndimayesa timabawuti tonse, n'kupukuta timano tija ndi kansalu kouma, osathira madzi. Kiyi wachiwiri ali kwa amayi, m'chitini chosungira makadi a kuchipatala.

Za akuba sindinasiye. Kumsika batire limalowabe m'chikwama, pakuti loko wake ndi wamng'ono, munthu wa sikuludiraiva sangalimbane naye nthawi yaitali. Koma sindilisiya padzuwa, ndipo potchaja ndimagwiritsa tchaja yake yokha, pasimenti, kutali ndi bedi ndi khomo lotulukira, ine ndili maso. Magetsi akabwera pakati pa usiku ndimadzuka n'kukhala nalo, kapena ndimadikira m'mawa. Timahedifoni ndinasiya kuvala panjira, chifukwa njinga ikayamba kumasuka imayamba yalira.

Makope ndinagula, pamodzi ndi zolembera ndi paketi ya shuga ya agogo aja. Kamnyamata kaja kamadziwa nthawi imene ndimadutsa Loweruka. Ndikamatsetsereka kulowera kudambo ndimakapeza kataima pachulu, ng'ombe zili kumbuyo, kakukuwa kuti, "Lilipo?" Ndimagwira mabuleki, ndimaligogoda ndi dzanja kuti kaone, kenako ndimapitirira kwa amayi. Ndikafika, foni ya ku Joni ikalira, ndimayankha isanalire kachiwiri.