Mthuthuthu wakale sundigonetsa ndi njala

Anzanga a mumsika waukulu wa Lilongwe, a ku Tsoka ndi inu a mu Malangalanga, ambiri mwakhala mukundiseka kuti ndimakwera chigoba. Ena mpaka kunena kuti, "Achimwene, kagulitseni kwa a zitsulo chimenechi, mugule yatsopano." Lero ndati ndikuyankheni poyera, chifukwa nkhani yake ndi ya mpamba, si ya kutchena ayi.

Njinga yangayi ndi Yamaha AG100. Mtundu umenewu unayamba kupangidwa mu 1973, ndipo anaupangira alimi a ku Australia oti aziyendera m'minda ndi m'mabusa. Kuno kwathu tinaudziwira kwa alangizi a zaulimi ndi a zaumoyo amene ankafika nawo kumudzi komwe galimoto imakana. Ine ndinagula kwa mkulu wina wopuma pantchito ya ulangizi, itayenda kale zaka zambiri.

Injini yake ndi yaing'ono, 97cc basi, silinda imodzi, ndipo imazizira ndi mphepo. Ndi ija amati two-stroke, ndiye kuti mulibe mavavu kapena tcheni ya m'kati yoti izikuvutitsani. Petulo amapsa pamodzi ndi oyilo wa 2T, amene amakhala m'kathanki kakekake, ndipo kapampu kotchedwa Autolube ndi kamene kamathira oyiloyo pang'onopang'ono. Utsi umene mumandiseka nawo uja umachokera pamenepo. Magiya ndi 5, thanki imalowa malita 11, kulemera kwake ndi pafupifupi makilogalamu 100, ndipo kuliza kwake ndi kwa phazi, osati kudikira batire.

Koma chimene chinandikoka ine wamalonda ndi ichi. Kaliyala ilipo kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Tcheni ndi yotsekeredwa m'chikhokho, moti fumbi la mu Okutobala ndi matope a mu Januwale sizifikako. Choimikira chili mbali zonse ziwiri, ukamanga dengu la tomato njinga siikugwera. Magiya ake ndi okoka katundu, si othamanga. Yangayi ikafika 80 imayamba kulira ngati mwana, koma pamsewu wa ku Mitundu, ndi anyezi thumba lathunthu kumbuyo, imangokwera osadandaula.

Ntchito yake ndi iyi: m'bandakucha ndapikula, 7 koloko ndayala pabenchi, masana ndikuperekera kabichi ndi tomato kwa makasitomala a mu Area 10, Area 12 ndi Area 43, ena m'maofesi a ku City Centre. Kumayadi kumeneko minibasi silowa mseu uliwonse, ndipo geti ndi geti ndi mtunda. Wopanda njinga oda imeneyi amangoyimva kwa anzake.

Zovuta zake nazo ndisabise. Imamwa petulo kuposa njinga za four-stroke zimene anyamata a kabaza akuyendera. Mafuta atasowa mu 2011 ndi 2012, komanso mu 2022, ndinagona nawo pamizere. Ndalama ya kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, oyilo wa 2T ndi pulagi zinakwera nthawi yomweyo. Mabuleki ake ndi a dramu, akanyowa amachedwa kugwira, ndipo nyale yake usiku ndi yofooka.

Nanga bwanji sindigulitsa? Chifukwa makaniko aliyense wa ku Biwi kapena ku Mchesi amayimasula pansi pa mtengo, ndipo pistoni ndi maring'i amasintha tsiku limodzi, mawa lake ndili pamsewu. Kwa ife tsiku logona njinga ndi tsiku lowola tomato. Paja akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Penti wowala sanyamula thumba.

Ndiye amene mukufuna kugula yakale, chonde mverani izi. Muyilize injini ili yozizira, musalole kuti akutenthetsereni musanafike. Onani ngati kapampu ka oyilo kakugwira ntchito, chifukwa kakafa injini imanoka mosachenjeza. Suzumirani m'chikhokho cha tcheni, gwedezani masipoko, yang'anani ngati felemu sanawotcherere. Koposa zonse, nambala ya injini igwirizane ndi ya mu bulubuku, kuopa kugula yakuba n'kukathera kupolisi, mpamba wonse utapita. Laisensi, inshuwalansi ndi chipewa muziwerengere pamtengo womwewo musanapereke ndalama yanu.